Mantha a Madzi Akuya

Cinenero cimene mukuwerengaci cimachedwa Cinyanja, ndiko kuti cinenero ca anthu a kunyanja. Komatu ambiri a ife amene tinabadwira ku Chipata, ku Katete, ku Petauke kapena m'makomboni a mu Lusaka tinakula osaiona nyanjayo ndi maso. Madzi amene tinawadziwa ndi a pacitsime, a m'dambo, ndi a m'timitsinje timene timasefukira mu February ndi kuuma gwaa mu October. Kunena za madzi akuya, tinapatsidwa phunziro limodzi lokha, lakuti usayandikireko. Agogo anali kutiuza kuti m'dziwe muli cinthu cokoka ana miyendo, ndipo titakula tinamvanso za Nyaminyami wa ku Kariba. Akulu-akulu aja sanali opusa ai, pakuti ng'ona za m'Luangwa si nthano, ndipo iwo anafuna kuti tikule amoyo. Koma mantha amene anatipatsa anakula nafe pamodzi, ndipo palibe amene anatiuza cocita tsiku limene munthu wapezeka ali pakati pa madzi, mantha atamugwira kale.

Za tsiku lotere ndi zimene ndifuna kuceza nanu mwezi uno, okondedwa awerengi. Mwana wa mlongo wanga anakwatira ku Nkhata Bay, m'Malawi, ndipo nchito yake ndi yophunzitsa alendo kuyenda pansi pa madzi atabereka thanki ya mpweya kumsana, zimene pa Cizungu amati scuba. Kwa zaka zambiri anali kundiitana. "Amalume, bwerani mudzaone kumene ndimapezera nsima ya adzukulu anu." Ine kusambira ndinaphunzira ndili mnyamata ku sukulu ya mishoni, koma padamu pamene phazi linali kugunda matope nthawi iliyonse ndikafuna kuima. Madzi opanda poponda ndinali kuwaopa monga mmene ndiopera moto wolusa. Mu October 2022 ndinapita, ndipo ndinaphunzira kwa masiku anai. Mantha sanathe ai. Cimene ndinabwerako naco ndi kudziwa mmene amagwirira nchito m'thupi la munthu, ndi cocita akafika.

Nyanja yake ndi zipangizo zake

Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, ndipo pamalo pake pakuya kwambiri, m'cigawo ca kumpoto, ifika mamita 706. Ya Tanganyika, imene ife tili nayo mbali ku Mpulungu, ndi yakuya kuposa kawiri, pakuti ifika mamita 1,470. Ku Nkhata Bay gombe lake ndi la miyala ikulu-ikulu yotsetsereka msanga. Ukakhala m'boti pafupi ndi mtunda umaona mwala uliwonse pansi, koma ungopalasa pang'ono madzi asintha mtundu, ada bii ngati thambo la mvula. Kupyola mamita pafupi-fupi 250 kunsi kulibe okosijeni, kotero kuti nsomba sizikhalako. Kuli mdima ndi bata lokha. Anthu a kumeneko saiwalanso sitima ya Vipya, imene inamira m'caka ca 1946 ndi kupha anthu 145. Ndikuchula zimenezi kuti pasakhale wina woganiza kuti kuopa nyanja ndi cibwana. Nyanja ndi yoyenera kuopedwa.

Zipangizo zopumira pansi pa madzi zimene zigwiritsidwa nchito masiku ano zinacokera ku nzeru za amuna awiri a ku France, Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, m'caka ca 1943. M'thanki simukhala okosijeni yekha monga ena amaganizira. Mumakhala mpweya womwe uno tikupumawu, wouma ndi wopanikizidwa. Thanki ya malita 12 yopopedwa kufika pa 200 bar imasunga malita 2,400 a mpweya. Kucokera kuthanki kumabwera paipi yokhala ndi kacipangizo koluma pakamwa, kochedwa regulator, kamene kamapereka mpweya ukangokoka, pa mphamvu yolingana ndi ya madzi okuzinga. Pali magalasi ophimba maso ndi mphuno, zipsepse za mphira kumapazi, lamba wa mtovu wokuthandiza kumira, ndi jekete yopoperamo mpweya yokuthandiza kuyandama. Palinso mageji awiri, ina yoonetsa mpweya wotsala, ina yoonetsa kuya kumene wafika.

Asanandilole kukhudza zonsezi, mwanayo ananditumiza kwa dokotala kukapimitsa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, pakuti bvuto la mtima ndi cimodzi ca zinthu zazikulu zimene zimapha osambira a msinkhu wanga. Kenaka anandisambiritsa mamita 200 osapumula, nandiuzanso kuti ndiyandame mphindi 10. Tsiku lathunthu tinathera m'madzi ofika m'cifuwa, tikubwereza zinthu zomwe-zomwezo: kulowetsa dala madzi m'magalasi ndi kuwatulutsa pouzira m'mphuno, kulabvula regulator ndi kuipezanso, kumasula lamba, kupempha mpweya kwa mnzako. Nditatopa ndinafunsa ngati sitinakwanitse. Iye anati, "Pepani amalume, tibwerezenso. Mutu ukasokonezeka, manja ndiwo amakumbukira. Lero tikuphunzitsa manja."

Anandiuziratunso zacilendo zonse zimene thupi lidzakumana nazo potsika. Makutu amayamba kupanikizika m'mamita oyambirira omwe, ndipo uyenera kutsina mphuno ndi kuuzira pang'ono, kawiri-kawiri, kupweteka kusanayambe. Phokoso la pamtunda limazimirira, umangomva kupuma kwako. Injini ya boti ikalira sudziwa kumene icokera, cifukwa m'madzi mau amathamanga kuposa kanai poyerekeza ndi mumpweya. Magalasi nawo amakuza zinthu ndi kuziyandikizitsa, kotero kuti kampango wa msinkhu wamba amaoneka ngati cinsomba coopsa. Munthu wosauzidwa, ciliconse ca izi cikhoza kumdzidzimutsa. Wouzidwa amangoti, ndi cija ananena, napitirira.

Pamene miyala inathera

Maulendo awiri oyamba anali pamamita osapitirira 12, pakati pa miyala, ndipo maso anali ndi zambiri zoona kotero kuti mantha anasowa mpata. Pa ulendo wacitatu tinatsikira pa cingwe ca nangula kufika mamita 16, ndi kuyamba kuyenda m'mbali mwa thanthwe. Tinafika pamene thanthwelo linakhotera pansi mwadzidzidzi. Kudzanja lamanja kunali mwala; kutsogolo, kumanzere ndi kunsi kunalibe kanthu. Sunali mdima weni-weni, koma kubiriwira kopanda malire kumene kunali kuderako-derako kunsi, kopanda nsomba, kopanda mcenga, kopanda ngakhale kacitsotso koti diso ligwirepo.

Ndiyese kufotokoza bwino cimene cinacitika, cifukwa ena a inu mudzacizindikira ngakhale simunalowepo m'nyanja. Poyamba m'mimba munazizira. Kenaka mtima unayamba kugunda m'makutu, thi thi thi. Ndinamva ngati ndikugwa, pamene sindinali kugwa. Kupuma kunafupika, ndipo ndinayamba kuona ngati regulator yaleka kupereka mpweya wokwanira. Pamenepo panabwera liu limodzi lamphamvu, losacokera m'nzeru, lakuti cotsa ici pakamwa, thawira kumwamba tsopano lino. Liu limenelo ndi lokopa kwambiri, pakuti pamtunda kuthawa kumapulumutsa. Pansi pa madzi womvera liu limenelo ndiye amabvulala.

Cifukwa cake tinaciphunzira m'kalasi ya sayansi, osadziwa kuti tsiku lina cidzagwira nchito. Ndi lamulo la Robert Boyle, la m'caka ca 1662, lakuti mpweya ukapanikizidwa umafinyika, ukamasulidwa umafufuma. Pamamita 10 kunsi thupi limapanikizidwa kawiri kuposa pamtunda, pamamita 20 katatu, pamamita 30 kanai. Munthu amene wadzaza mapapo pamamita 10, natseka kukhosi, nathamangira pamwamba, mpweya uja umafuna malo owirikiza kawiri. Mapapo sapereka ululu wocenjeza. Amangong'ambika, ndipo thobvu la mpweya likhoza kulowa m'mitsempha ya magazi ndi kukafika ku ubongo. Zimenezi zingacitike ngakhale m'madzi a mamita 2 okha. Palinso naitirojeni amene amasungunukira m'magazi munthu akakhalitsa kunsi; wokwera mofulumira amamcititsa thobvu m'thupi, monga botolo la zakumwa lotsekulidwa mwaphuma. N'cifukwa cake lamulo loyamba la nchito imeneyi ndi lakuti usatsekere mpweya m'cifuwa, ndipo laciwiri ndi lakuti ukwere pang'ono-pang'ono, osapitirira mamita 18 pa mphindi imodzi, ndi kuima mphindi 3 pamamita 5 usanatulukire pamwamba. Mantha amalamula zosemphana ndi malamulo onse awiriwa.

Cimene ndinacita ndi cimene tinabwereza m'madzi osaya. Ndinaleka kupalasa. Ndinagwira mwala ndi dzanja lamanja. Ndinatambasula cikhato camanzere ndi kucigwedeza uku ndi uku, cizindikiro cakuti cinacake sicili bwino. Mwanayo anabwera kutsogolo kwanga, nachinga phompho lija ndi thupi lake, nagwira lamba wa jekete yanga, naloza maso ake ndi zala ziwiri kuti ndiyang'ane iye. Kenaka anayamba kuyendetsa dzanja kucoka pakamwa pake mosafulumira, kundionetsa kutulutsa mpweya. Ndinamtsatira. Ndinali kuwerenga m'mutu kufika pa 6 potulutsa, ndi pa 4 pokoka. Ndisanapume kakhumi, regulator ija inakhala ngati yatsekuka. Geji inali kuonetsa mamita 16 monga poyamba. Sindinatsike ngakhale pang'ono. Tinakhala pamenepo mwina mphindi 2, ndipo tinapitiriza ulendo, ine ndili kumbali ya mwala.

Cimene cimacitika m'thupi

Madzulo ake, tikudya kondowole ndi usipa, ndinampempha kuti andimasulire zimene zinandigwera, ndipo anandiuza zinthu zitatu. Coyamba cikhudza kupuma. Cimene cimatikakamiza kupuma si kusowa kwa okosijeni kweni-kweni, koma kuculuka kwa mpweya woipa, kaboni dayokisaidi, m'magazi. Munthu wamantha amapuma mwawefu-wefu, mpweya wosafika pansi pa mapapo. Umangobwerera-bwerera m'kholingo ndi m'regulator. Kunsinso mpweya ndi wolemerako cifukwa ca kupanikizidwa, kotero kupuma mofulumira kumafuna mphamvu zambiri. Mpweya woipa umaunjikana, thupi limamva kubanika, kubanikako kumaonjeza mantha, manthawo amafupikitsanso kupuma. Thanki ili yodzaza, munthu akuona ngati akutsamwa. Wamantha amalimbikira kukoka, pamene cofunika ndi kutulutsa mpweya wonse modekha, kuti woipa uja ucoke. Kupuma modekha kumasunganso thanki. Wopuma malita 20 pa mphindi pamtunda amadya malita 56 pamamita 18, ndipo mantha akhoza kuwirikiza ciwerengeroco kawiri kapena kuposa.

Caciwiri cikhudza maso. Kuti munthu adziwe kumene kuli kumwamba ndi kumene kuli pansi amadalira zinthu zitatu: maso, kulemera kwa thupi pamapazi, ndi kaciwalo ka mkati mwa khutu. M'madzi mapazi samva kulemera. Maso akasowanso pogwira, khutu limatsala lokha, ndipo ubongo umayamba kupeka nkhani zakugwa. Ndico cizungulire cija. Mankhwala ake ndi kupatsa diso kanthu ka pafupi, monga cingwe, mwala, manambala a pageji, kapena nkhope ya mnzako. Ukasokonezeka, uyang'ane thobvu la mpweya wako, pakuti nthawi zonse limapita kumwamba.

Cacitatu ndico cinandikhazika mtima pansi koposa. Madzi a kunsi kwako sakukoka. Amene amakupanikiza ndi a pamwamba pako okha. Munthu amene ali pamamita 16 pamwamba pa phompho la mamita 700, thupi lake limamva cimodzi-modzi ndi la amene ali pamamita 16 atagwada pamcenga. Cimene cimakusunga pamalo amodzi ndi kulinganiza kulemera kwako ndi mpweya wa m'jekete ndi wa m'mapapo: ukakoka mpweya umakwera pang'ono, ukatulutsa umatsika pang'ono. Komabe mwanayo sanandinamize kuti palibe coopsa. Pamalo opanda pansi palibe cokuimitsa ngati wayamba kutsika osadziwa, ndipo pamene ukutsika cobvala ca mphira ndi mpweya wa m'jekete zimafinyika, kotero umatsika mofulumirirapo. Ca m'mamita 30 naitirojeni amayambanso kuledzeretsa mutu. Ndico cifukwa cake wophunzira kumene salowa kupitirira mamita 18, ndipo ngakhale ozolowera, ocita zimenezi mongosangalala, amalekera pa 40. Apa ndi pamene mantha ali ndi nchito yake: amakukumbutsa kuyang'ana geji. Ukaiyang'ana, ndi kuona kuti nambala sinasinthe, wawapatsa cimene anali kufuna.

Kuulula mantha

Mantha ambiri amacepetsedwa munthu asanalowe m'madzi. Wotopa, wozizidwa, wa cimfine, kapena wogona ku mowa, mantha amampeza msanga, ndipo wotereyo salowa. Mwera ukaomba, nyanja nikalipa, ulendo umaimitsidwa kufikira tsiku lina. M'boti onse amagwirizana kuya kumene adzafika, nthawi imene adzakhala, ndi kuti adzatuluke thanki ikali ndi 50 bar. Aliyense amayendera zipangizo za mnzake, cimodzi-cimodzi, ngakhale atadziwana zaka makumi awiri.

Koma pali lamulo lina limene sindinaliyembekeze, ndipo ndi limene ndakhala ndikuliganizira koposa ena onse. Palibe amene amalowa yekha; aliyense ali ndi mnzake. Ndipo aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, ali ndi ufulu wothetsa ulendo nthawi iliyonse, pa cifukwa ciliconse. Angoimika cala cacikulu m'mwamba. Kwathu kuno cala cimeneco citanthauza kuti zonse zili bwino, koma pansi pa madzi citanthauza kuti tiyeni tikwere. Wofuna kunena kuti ali bwino amalumikiza cala cacikulu ndi camkombaphala ngati mphete. Wina akaimika cala, mnzake satsutsa, safunsa, ndipo m'boti palibe womseka.

Kwa munthu wonga ine lamulo limeneli ndi lolemera kuposa thanki. Tinaleredwa ndi mau akuti mwamuna salira. Ndine mwini mbumba. Nkhoswe ya ukwati wa mwana yemweyu ndine, ndipo mirandu ya pabanja pathu imathera pakhomo panga. Tsono kugwedeza cikhato pamaso pake, kunena kuti amalume ako aopa, si cinthu copepuka. Koma iye anandiuza kuti alendo amene amamdetsa nkhawa si onjenjemera m'boti. "Amene wanena kuti akuopa, amalume, ndimadziwa pomuyang'anira. Wondiopsa ndi uja woseka kwambiri, wonena kuti iye saopa kanthu. Ameneyo ndimadziwa za mantha ake atacotsa kale regulator pakamwa." Anandiuzanso zizindikiro zimene amayang'ana: kulankhula kosalekeza kapena kukhala cete mwadzidzidzi, kucedwa dala pobvala, maso otong'oka m'magalasi, thobvu lotuluka mosadukiza, ndi kupalasa ndi manja ngati galu m'malo mwa miyendo.

Si ophunzira okha amene zimawagwera. William Morgan, wa ku yunivesite ya Wisconsin ku America, analemba m'caka ca 1995 kuti mwa osambira a scuba amene anafunsidwa, oposa theka anabvomera kuti mantha osokoneza mutu anawagwirapo, kapena anatsala pang'ono kuwagwira, kamodzi kapena kuposa. Tsono kusiyana sikuli pakati pa amantha ndi opanda mantha. Kuli pakati pa amene amanena msanga ndi amene amabisa kufikira nzeru zitathawa. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mnzako sangalote kuti mpweya wakufupikira ngati iwe sunamuonetse.

Zimene maso anaona

Mwina wina afunsa kuti, nanga munthu wa imvi adzibvutitsiranji conco? Yankho lili pakati pa miyala ija. M'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yoculuka kuposa ya m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mcere pa dziko lapansi. Ya banja la mbuna ndi utaka yokha iposa 700, ndipo pafupi-fupi yonse sipezeka kwina kulikonse. N'cifukwa cake mbali ya kummwera, ku Cape Maclear, inakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa m'caka ca 1980, ndipo bungwe la UNESCO linailemba m'kaundula wa cuma ca dziko lonse m'caka ca 1984. Ife nsomba timazidziwa zili pamsika, zotuwa ndi zouma. Kumeneko ndinaona mbuna zabuluu ngati citenje catsopano, zacikasu, zamizere-mizere, zikubudula ndere pamiyala ngati mbuzi pamsipu, osandithawa. Pamcenga ndinaona timabwalo tozungulira timene nsomba zazimuna zimakumba pokopa zazikazi, iliyonse ikulondera kake.

Pa ulendo wacinai mwanayo anandikodola kuti ndikhale cafufumimba pafupi ndi mwala, ndisagwedezeke. Panali nsomba yaikazi ndi kamtambo ka tiana take, tocepa kuposa njere za mpunga. Nditasuntha dzanja, inatsekula pakamwa, tiana tonse tinathamangiramo, nitseka. Tinadikira. Patapita kanthawi inatilabvulanso. Nsomba zambiri za banja limeneli zimafungatira mazira ndi ana m'kamwa kwa masabata ngati atatu, mai wake osadya bwino-bwino. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wopuma mwawefu-wefu, wopalasa uku ndi uku, zimenezi sangazione, pakuti nsomba zimamthawa ali kutali.

Tsiku lomwelo tinabwereranso pamphepete paja, ine nditapempha. M'mimba munaziziranso monga kale. Koma tsopano ndinali kudziwa ndondomeko yake: kuzizira, kugunda kwa mtima, kufupika kwa mpweya. Ndinatulutsa mpweya kugundako kusanakule, ndinayang'ana geji, kenaka phompho, kenaka gejinso. Mwanayo akuti amantha amawaphunzitsa motero, kuwayandikizitsa pang'ono-pang'ono, osawakankha. Ena masiku anai sawakwanira, ndipo ena amaona kuti zimenezi si zao. Iwonso palibe wowanyoza. Pokwera, pamamita 5 paja, pamene munthu amalendewera mphindi 3 pansi pasakuoneka, ndinagwira cingwe ndi manja awiri, ndipo ndikadzapitanso ndidzacigwirabe.

Kwa ife makolo

Ndidziwa kuti mwa owerenga nkhaniyi ndi ocepa amene adzabereka thanki. Koma ambiri timaoloka Luangwa pabwato, timakwera maboti ku Siavonga, ku Samfya ndi ku Mpulungu, ndipo ana athu amadutsa mitsinje yodzaza popita kusukulu m'dzinja. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerengera kuti m'caka ca 2021 anthu pafupi-fupi 300,000 anafa ndi kumira, ndipo cigawo ca Africa ndico cinali patsogolo poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu ake. Mantha a pamwamba pa madzi amayenda njira yomweyo ndi a kunsi: munthu wadzidzimuka, aimika thupi, akweza manja, apuma mwaphuma, nameza madzi. Pamene thupi la munthu, mapapo ali ndi mpweya, limayandama mosabvuta ngati mwini wake agona cagada, natambasula manja, nasiya makutu m'madzi.

Mwana amene anangouzidwa kuti usayandikire madzi alibe cocita bwato likatembenuka. Tiwacenjeze ndithu za ng'ona, za mvuu, za mtsinje wosefukira, za bwato lodzaza mopitirira muyeso, ndi za likodzo la m'madzi odikha okhala ndi nkhono. Zimenezi n'zoopsa zeni-zeni. Koma tiwapezerenso munthu wodziwa, pamalo osaya ndi otetezeka, awaphunzitse kugona cagada pamadzi, kutulutsa mpweya nkhope ili m'madzi, kukakamira pabwato lotembenuka m'malo molisiya, ndi kuponyera womira cingwe, nsungwi kapena cigubu copanda kanthu m'malo momlumphira. Azibwereza kufikira zitawatopetsa, kuti manja azikumbukira okha. Pokwera boti tifunse majekete oyandamitsa popanda manyazi, ndipo tiyambe kubvala ndife akulu kuti ana aone. Ndipo mwana akati, "Atate, ndikuopa," tisamseke kapena kumkankhira m'madzi kuti alimbe mtima. Timfunse kuti akuopa ciani kweni-kweni, timgwire dzanja, tiyambire pamene madzi afika m'maondo.